Galimoto ya kwa alamu

Lachinayi, mwezi wa Januwale. Lero mtima wandiwawa.

Galimoto yanga yatitimira m'matope panjira ya ku Chiringa, feteleza wa anthu amene ndinanyamula n'kunyowa ndi mvula. Ndinaigula kwa alamu anga ndi ndalama za penshoni, atandilumbirira kuti imakoka ndi mateyala onse anayi. Mafuta imamwa ngati thirakitala, koma ndinkapirira poganizira dzinja.

Makaniko atasuzumira kunsi kwake anapukusa mutu. "Bambo, chitsulo chozunguza mateyala akutsogolo ndinachichotsa ndine chaka chatha, chitathyoka. Alamu anuwo anakana kugula china."

Madzulo ano alamuwo anabwera kudzandipepesa za matopewo, mpaka kudya nafe. Mkazi wanga sindinamuuze. Alamuwo ndi mlongo wake mmodzi yekhayo, ndiye ndiyambira pati?