Kambale Kanga ndi Waya wa Alamu

Lolemba, 3 Febuluwale

Uthenga wafika. Welni, mwana wanga mmodzi yekhayo, amuitana ku mayeso a ntchito yosamalira okalamba ku Japani. Pa 20 mwezi uno, 9 koloko m'mawa, maso ndi maso pa intaneti. Chithunzi chikangoduka, malo apatsa wina. Zaka ziwiri mwanayu akuloweza Chijapani, mpaka mphaka wathu wayamba kumva.

Koma netiweki ya kuno! Foni imagwira pokhapokha utakwera mulu wa mchenga kuseri kwa mzikiti. Ku tauni ku Pariaman sikungatheke. Mlatho unapita ndi madzi mwezi watha, njira yozungulira ndi ya tsiku lonse, ndipo mayi ake akuti namwali sagona kwa eni.

Ndameta anthu anayi. Onse anayi akatswiri a intaneti.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Alamu a Bakhtiar abwera. Mchimwene wa mkazi wanga Yusnidar, mwini mbumba. Iwo akuti tikoke waya kuchokera kumsewu. "Chinthu chosaoneka n'chiwanda, Sutan. Waya umaugwira ndi dzanja."

Sutan, dzina la ulemu lomwe anandipatsa pa ukwati. Zaka 26. Langa lenileni ndikukayika ngati amalikumbuka.

Waya ukufuna mizati isanu ndi inayi, ndipo mzati uliwonse uima pa nthaka ya mbumba yawo. Ndiye kuti msonkhano, ndiye kuti ine kukhala kukhomo ngati nsapato. Mkamwini. Pamudzi pano changa ndi lumo, chipeso ndi njinga yamoto.

Madzulo ndapita kwa Hendri amene amalumikiza anthu intaneti. Akuti iliponso njira ina: kambale koyera, kongofuna kuyang'anizana ndi nsanja ya netiweki ya paphiri. Palibe kukumba, palibe kupempha. Mpweya ulibe mwini mbumba. Ndamuuza abwere Loweruka.

Loweruka, 8 Febuluwale

Padenga kambale sikakuona nsanja. Mitengo ya kokonati ponseponse. Hendri anati tidule itatu. Yusnidar anangomuyang'ana, iye n'kusintha nkhani.

Ndiye nzeru zanga: bwanji pamwamba pa mtengo womwewo? Wautali uja wa kuseri kwa khitchini. Hendri wakwera akupemphera, wamangirira kambale pakati pa zipatso, kachingwe kake n'kutsetsereka mpaka pawindo.

Zagwira! Welni walankhula ndi mphunzitsi wake wa ku mzinda wa Padang ola lathunthu. Ndinayenda uku ndi uku pakhonde, manja kumbuyo, kuti alamu akamadutsa andione. Anadutsadi. Anati, "Intaneti yapamtengo ngati mleme."

Nsanje basi.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Mphepo ikawomba mtengo umagwedezeka, mphunzitsi n'kuuma pa kompyuta kukamwa yasaa. Welni akuti, "Abak," ndiye kuti bambo m'chinenero cha kuno, "mphepo ikadzabwera tsiku lija?" Ndamuyankha kuti m'mawa kuno sikuchita mphepo. Bodza. Ndamanga mtengo ndi zingwe zitatu. Yusnidar wayanikapo kale zovala.

Lachisanu, 14 Febuluwale



Lero linali tsiku lothyola kokonati. Palibe anandiuza, poti mitengo si yanga. Ajo Piri anabwera ndi pusi wake wothyola kokonati pa njinga yamoto monga amachitira miyezi iwiri iliyonse, ine ndili ku mzikiti. Pusi pamwamba, Ajo pansi ndi chingwe, akukoka ndi kukuwa. Pusiyo anapita kusukulu, ntchito amaidziwa: chozungulira chokhwima, potokola mpaka chigwe.

Ajo akuti anaona kuti pusi wachedwa pa chipatso chimodzi. Anamukalipira. Pusi analimbikira.

Ndapeza kambale kali pamulu wa kokonati, kong'ambika pakati. Ajo osachita n'komwe manyazi. "Sutan, nyama yanga sinalakwe. Pamtengo wonsewo chouma kwambiri chinali chimenechi." Anafunsanso ngati kakulowa m'gawo la kokonati lomwe timamulipira.

Hendri akuti kena kulibe, n'koitanitsa ku Padang, ndipo mlatho ndi uja. Chomwe ali nacho ndi mkukutu umodzi wa waya.

Welni sanalire. Wangotseka buku n'kukatsuka mbale zotsuka kale. Bola akanalira. Masiku asanu ndi limodzi.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Ndinapita ndekha kwa alamu dzulo, chipewa m'manja. Sananene kuti ndinakuuza. Anangondithirira khofi pang'onopang'ono, akumwetulira. Zowawa kuposa.

Lero msonkhano m'nyumba yaikulu ya mbumba. Ine kukhomo. Maola anayi. Ola loyamba kulonjerana, lachiwiri kukumbutsana amene anabzala mtengo uti.

Onse avomera kupatula Etek Ros, mng'ono wa apongozi anga. Njira yowongoka imadutsa m'mbali mwa munda wawo wa mpunga. "Lero mukuti mzati wa intaneti. Ine ndikafa, zidzukulu zanu zidzati ndi malire." Ndipo ena anagwedeza mitu, chifukwa mlandu wakale wa malire a mundawo unayamba ndi mtengo woyanikapo ukonde.

Chigamulo: waya uzungulire munda wonse. Ndinafuna kufunsa ngati utalika mokwanira. Ndinakweza dzanja. Anandipatsira mbale ya nthochi zokazinga.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Mudzi wonse pa ntchito. Nsungwi zadulidwa, mayenje akumbidwa, alamu akuloza ndi ndodo. Ine ndanyamula mizati mpaka phewa lasupuka. Sindinadandaule. Ndi mwana wanga.

Cha m'ma 4 koloko Hendri anaima, m'manja muli nsonga ya waya. Watha. Kunyumba kwatsala mayadi makumi asanu ndi limodzi. Anayeza njira yowongoka, munthu wosalakwa.

Pomwe wathera: pa khola la abakha la Etek Ros.

Alamu anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Ndinatsegula pakamwa, Yusnidar n'kundiponda phazi.

Mwayi wake m'kholamo muli magetsi, babu lofunditsa tiana ta abakha. Hendri wapachika kabokosi ka intaneti pamtanda. Intaneti yake ngati madzi a mumpopi, chilungamo ndinene. Abakha 80 a Etek tsopano ali ndi netiweki yoposa ya ku ofesi ya mudzi.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Takolopa kachipinda kosungira madeya ka m'kholamo. Nsalu yoyera ya pa ukwati wathu kukhoma, tebulo, duwa m'botolo. Pa kompyuta pakuoneka ngati hotela. Fungo silidutsa pa waya, Mulungu ngwabwino.

Chatsala ndi phokoso. Kuwatulutsa abakha Etek akana, ati akasokonezeka saikira mazira sabata yonse. "Bakha amakhala chete akamadya basi." Msonkhano wachidule pomwepo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka 26 mbumba yandisankha pa udindo.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Mphindi 40. Ine chonjuta m'matope, chidebe cha madeya ndi nkhono pakati pa miyendo, kuwaza dzanja limodzilimodzi kuti zisathe msanga. Alamu pamsewu akuimitsa njinga zamoto ngati wapolisi. Etek agwira tambala wawo kukamwa. Yusnidar kuseri kwa khoma, milomo ikuyenda.

Kudzera m'matabwa ndimamva mawu a Welni. Osanjenjemera. Chijapani chikungotuluka, ndipo kutali uko munthu wina anaseka, iyenso n'kuseka. Sindinamvepo liwu n'limodzi lomwe. Mwana amene ndinkamumeta ndekha ali pa mpando wosanjikiza mapilo.

Madeya anatha kutatsala mphindi zisanu. Ndinawapatsa mpunga wanga wa nkhomaliro, ndi nsomba yomwe. Bakha wina wandiluma chala.

Chithunzi sichinaduke. Atatuluka, Welni anandipsompsona dzanja, lamatope lomwelo. Alamu anandigwira paphewa losupuka lija n'kunena kuti, "Waya, Sutan." Ndawasiya. Lero atenge.

Lachinayi, 27 Febuluwale

Wakhoza. Uthenga wafika m'mawa. Anyamuka mwezi wa Meyi. Zaka zitatu, mwina zisanu.

Nyumba yadzaza. Yusnidar akukazinga, Etek abweretsa mazira, alamu akufotokozera aliyense za mizati yawo. Hendri wapeza waya wina, wafikitsa mpaka pabalaza. Aliyense akundigwira chanza.

Masabata atatu ndalimbana ndi mphepo, pusi, alamu ndi abakha. Tsiku ndi limodzi lomwe sindinakhale pansi kuganiza kuti ndikumenyera chiyani. Ndimangofuna chithunzi chisaduke.

Masana Welni anandikhazika pampando kundiphunzitsa poti ndizidina akamaimba. "Muzindiona tsiku lililonse, Abak. Chithunzi chake choyera, ngati ndili pompano."

Ndadina molakwika kanayi. Akuganiza kuti ndine mbuli. Ndimangofuna abwerezenso, ali pafupi chonchi, tsitsi lake likununkha mafuta a kokonati.

Ndamupempha tiyambirenso mawa.