Ndinatsitsa sipeya kuti mbatatesi ikwane

Aphungu,

Sekani pang'ono ngati mukufuna, koma mukatha mundithandize. Ndine mayi wa zaka 58. Chilimwe chilichonse ine ndi amuna anga a Wiebe timakoka kalavani yathu, kanyumba kathu ka matayala awiri, kupita kumwera kwa France kukawothera dzuwa masabata atatu. Monga aliyense mumsewu mwathu, mbatatesi timanyamula yakwathu. Ya kumeneko ndinailawapo kamodzi, madzi okhaokha.

Chaka chatha ndinagula matumba anayi, kuwonjezera tchizi, khofi ndi mabotolo a chiponde. Thumba lachinayi linakana kulowa. A Wiebe anali atapita kukathira mafuta, ndiye ndinatsegula bokosi la kutsogolo kwa kalavani n'kupeza tayala la sipeya ndi jeke zangokhala phee, zaka khumi ndi ziwiri osagwirapo ntchito. Ndinati ulesi wotere ayi. Ndinazitsitsa n'kuzibisa kuseri kwa njinga m'kanyumba kathu ka katundu, mbatatesi n'kulowa bwinobwino.

Loweruka masana, titapitirira Lyon n'kukhotera kamsewu ka kumapiri, tinangomva phuu! kalavani n'kuyamba kuvina kumbuyo. A Wiebe anaimika pambali mwaluso ndithu, n'kunena monyadira kuti, "Khalani pamthunzi, mayi, muone mwamuna akugwira ntchito." Atatsegula bokosi lija anakumana ndi mbatatesi. "Nanga sipeya ili kuti?" Aphungu, pakamwa panga panayankha pokha. Ndinati, "Kaya. Ine ndinapeza mulibe kanthu, ndiye ndinati malo asawonongeke."

Anakanda mutu, kenako anakumbukira kuti mu Meyi kalavani inabwerekedwa ndi a Harmen, oyandikana nafe nyumba. Mlandu unagamulidwa pomwepo: wosowetsa sipeya ndi a Harmen.

Makaniko wa m'mudzi wapafupi anatikokera pagalaja pake n'kutiuza ndi manja kuti tayala lifika Lolemba. Tinakhala masiku awiri kuseri kwa galajako pakati pa mathirakitala akale, kudya mbatatesi yophika, yokazinga, yonyenya. Kunena zoona tinasangalala. Mpaka lero a Wiebe amauza mlendo aliyense kuti, "Pakanapanda nzeru za mkazi wangayu, bwenzi titafa ndi njala ku France." Ine khofi amanditsamwa.

Titabwerera a Wiebe anapita molunjika kwa a Harmen. "Aise, chobwereka amabweza ndi ziwalo zake zonse." A Harmen anayankha kuti, "Tayala lakolo ndilitani, ndiphike?" Kuyambira pamenepo sapatsana ngakhale moni, anthu oti akhala akuwedza nsomba limodzi Loweruka lililonse kwa zaka 26. Kiyi wa nyumba yathu, amene ankatisungira tikachoka, anabwera mu envelopu. Izi zimandiwawa kwambiri.

Tayalalo ndinalimanga pakaliyala wa njinga n'kukalisiya kwa mkulu wanga. Iye akuti ndingoliponya m'ngalande nkhani ithe. Tinyamukanso pakatha masabata atatu, ndipo a Wiebe aitanitsa kale latsopano. Ndikangokhala chete palibe adzadziwe. Nditani?

G.T., Meppel

Mayi G.T.,

Ndaseka, sindikana, mpaka misozi. Koma mkulu wanu musamumvere. Mlandu suwola, ndipo ngalande zathu amazikokola chaka ndi chaka.

Katengeni tayalalo pa njinga yomweyo, muliimike pakhomo. Apatseni a Wiebe chakudya kaye, kenako nenani zonse mwachidule, popanda "koma". Akwiya, ndipo chowapsetsa mtima kwenikweni sichikhala bodza lanu ayi, koma manyazi a zimene ananena kwa mnzawo. Asiyeni akalipe, akayende pang'ono. Akabwerera pitani limodzi kwa a Harmen, ndipo woyamba kulankhula mukhale inu. Musatume keke kuti ikakulankhulireni.

Tsopano za ulendo. Latsopanolo libwere ndithu, chifukwa tayala limakalamba ngakhale likungokhala, ndipo la zaka zoposa khumi ndi ziwiri ndi lodzalamo maluwa. Ndikukayikiranso kuti chinaphulitsa linzake lija ndi katundu wanu yemweyo. Mukamaliza kulongedza, kayezeni kalavani pasikelo ya magalimoto, muyerekeze ndi kulemera kumene kunalembedwa pamapepala ake. Zolemera ikani pansi, pafupi ndi matayala. M'mawa wonyamuka yezani mpweya musanayende, osaiwala wa mu sipeya.

Sipeya, jeke ndi sipanala zikhale pomwe dzanja lifika musanatsitse ndi supuni yomwe. Yesani kumasula tayala kamodzi muli pakhomo, nonse awiri, kuti mudziwe ngati manati sanagwirane ndi dzimbiri. Zovala zonyezimira zikhale m'galimoto momwe mwakhalamo, pamodzi ndi madzi akumwa okwanira, ndipo nambala ya okoka magalimoto muilembe papepala, poti foni imakonda kufa tsiku la mavuto. Zikakuchitikirani mumsewu waukulu, a Wiebe asaonetse umuna pamenepo. Yatsani magetsi ochenjeza, tulukirani khomo la kumbali kosadutsa magalimoto, imani kuseri kwa mpanda wachitsulo n'kuitana thandizo. Ine ndinaonapo chipewa cha malemu amuna anga chikuuluzidwa ndi mphepo ya lole, mutu utatsala pang'ono kutsatira, ndipo sindinalolenso zosintha tayala m'malo otere.

Mbatatesi nyamulani thumba limodzi. Anthu a ku France akhala akudya yawoyo kuyambira kalekale ndipo ali moyo.

Chomaliza, musadikire kuti mukaulule muli kutali padzuwa, mitima itafewa. Kumeneko kukhala kudzipeputsira nokha. A Harmen atha chaka chathunthu akutchedwa akuba pakhomo pawo pomwe, ndipo nkhani mumsewu imayenda kuposa galimoto. Aliyense amene anamva za sipeya ija ayenera kumvanso amene anaitsitsa, osati kwa a Wiebe, koma pakamwa panu. Yambani sabata ino, khomo ndi khomo.