Madzi a M'nyanja ya Mchere

Okondedwa achimwene a Zuze,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira. Kuno ku Mualadzi tilipo, koma miyendo ya amayi ikutupabe.

Tsiku lija tinabwera kumeneko ndi kwaya, ndinakudikirani pamchenga monga tinapanganira. Anzanga ankasewera m'mafunde, ine ndili duu, kuyang'ana timbalame totuwa tikujompha m'matope, nkhanu zikuthawira kuuna. Bola nkhanuzo zinkasuzumirako. Inu ngakhale foni, zii.

Madzi a m'nyanja amene amayi anakupemphani ndinatunga ndekha m'galafa, ndiye kuti m'botolo. Akutsukira miyendo m'mawa uliwonse kwinaku akukudalitsani, poganiza kuti munatunga ndinu. Sindinawatsutse, koma sindinaiwale.

Bwerani mudzawaone mvula isanatseke msewu. Mukachedwa, ndiwauza zoona.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Rozita