A Lenadi Abwerera Kwawo

Amayi, kodi kumene mulikoko muli bwanji?

Kuno tilipo, kungoti kwazizira. Mvula ya mawawa yayamba msanga chaka chino, zovala zikumagona pachingwe osauma. Ndakhala ndikufuna kukulemberani, koma ndikagwira cholembera mawu amathawa. Lero ndati ndiyambe ndi nkhani zopepuka, yolemera ibwere pambuyo.

Alamu anga, akazi a achimwene a Yohane, anachira bwino. Ndi mwana wamkazi. Makutu ndi anu enieni, oima ngati akufuna kumva za kwa aneba. Chimanga cha kumunda wa ku Lupaso sichinachite bwino chifukwa fetereza tinathira mochedwa, koma nyemba ndi mbatatesi zatisunga. Nthochi munabzala kuseri kwa bafa ija yabereka mkoko woti munthu mmodzi sanganyamule.

Yolemerayo ndi ya a Lenadi. Sanamwalire, musadzidzimuke. Abale awo anabwera kudzawatenga, ali kwawo ku Mangalande. Ndikudziwa zimene munandiuza kuchipatala, mutandigwira chala ngati mmene munkachitira tikamawoloka msewu. Munati, “Elube, nkhalamba ija ndinailonjeza. Idzafera m'nyumba mwake ku Katawa, ndipo tidzaiyimbira ngati munthu. Undigwirire mawu amenewo.” Ine ndinavomera. Lero nyumbayo yabwerera kwa eni ake, ine ndikukhala kwa achimwene.

Inu munawagwirira ntchito kuyambira ine ndisanamere mano, ndiye mbiri yawo munkaidziwa kuposa ine. Koma mutapita anayamba kuibwereza tsiku ndi tsiku ine ndikusita, mpaka yandilowa pamtima. Akuti anabadwira m'tauni ya kudoko, bambo awo ankatsitsa katundu m'sitima zapamadzi. Anayamba kuyimba m'tchalitchi ali wamng'ono. Atakula anapita ku London kukachita masewero aja oyimba ndi kulankhula pamodzi. Zaka zambiri ntchito yawo inali yongodikira. Ankaphunzira mawu ndi nyimbo zonse za mwini sewero, n'kukhala kuseri kwa nsalu atavala kale, kuti mwiniyo akadwala alowe iwo. Ankaseka n'kumati, “Ndinali Mkhristu woipa, Nachisale. Ndinkapempherera chimfine cha mnzanga.” Chimfinecho chitabwera anayimba, anthu anaimirira, dzina lawo linayamba kulembedwa pakhomo ndi zilembo zikuluzikulu. Kenako anakhala wapolisi wa pa kanema, uja ankati sanagwirepo wakuba. Mawu atayamba kusasa anabwera kuno ndi gulu lophunzitsa achinyamata zisudzo. Anzawo anabwerera, iwo anatsala. Ankati Mzuzu ndi kwawo komwe, mvula yomweyo, kungoti kuno anthu amakupatsa moni.

Mwaona ndalemba kuti Nachisale. Ndi mmene ankandiitanira, Amayi, ndi mfunda wanu. Kumanda kwanu anapita, nkhata anaika, analira anthu onse akuona. Koma pasanapite nthawi anayamba kundiyesa inu, n'kumandifunsa kuti mwana wanga wachete uja wapita kuti. Poyamba ndinkawakonza. Ndikawauza kuti munamwalira ankalira ngati akumva koyamba, mawa lake chimodzimodzi. Ndinaleka. Ndinkangovala epuloni yanu n'kuyankha kuti wawa.

Chithunzi chija atavala diresi ndi tsitsi lachizimayi, cha sewero la pa Khrisimasi, chimene munkachitembenuzira kukhoma akulu ampingo akabwera, ndinachisiya choyang'ana kuno chifukwa chinkawaseketsa. Pansi pa chithunzi chomwecho ndi pamene munawalonjeza, ine ndikusenda mbatatesi pakhomo. Anali atangobwera kumaliro a kwa aneba. Anati kwawo maliro ndi anthu ochepa, nyimbo ya m'makina, tiyi, basi aliyense kwawo. Anati, “Ine ndikufuna ngati awa, anthu mpaka mumsewu.” Inu munaseka mpaka kutsamira tebulo, munati, “A Lenadi, mukufuna owonerera ngakhale muli m'bokosi!” Iwo anati eya. Inu munati chabwino, tidzadzaza bwalo.

Mutu wawo unkapita pang'onopang'ono. Chichewa chawo chophatikiza ndi Chitumbuka chija chinayamba kugwa ngati masamba, kunatsala yewo chomene ndi dzina lanu. Tsiku lina ndinapeza ketulo yapsa mpaka kuboola. Tsiku lina anasamba ndi zovala. Koma nyimbo sanaiwale ngakhale imodzi. M'mawa uliwonse ankaima pakhonde n'kumakweza mawu ndi kutsitsa, ana opita kusukulu akuwayeserera.

Inu mukudziwa kuti Lamulungu lililonse masana ankaimba foni a Suzeni, mwana wa mlongo wawo, foni ija yoonana nkhope. Apa ndi pamene ndinaona kuti munthuyu analidi wa zisudzo. Ndikawapesa, n'kuwamanga tayi, n'kuimika foni pa botolo la shuga, ankasanduka wina. Msana chilili, maso owala, nthabwala zili mbwee. Ine ndinkaima kuseri kwa foni. Akasowa dzina ankandiyang'ana pang'ono, ine n'kunong'ona, iwo n'kulitola ngati analidziwa kale. Akawafunsa kuti adya chiyani, ndinkakweza mbale. Anandiuza okha kuti kwawo kumabwalo a masewero kumakhala munthu wa ntchito imeneyi, wobisala pakona. A Suzeni ankatseka foni ali osangalala, ine n'kumati mawu a Amayi ndawasunga sabata inanso.

Ndiye linafika Lachisanu lija. Ndinangothamangira kuchigayo, geti ndinakoka koma sindinakhome. Pobwera ndinapeza anthu pakhomo. A Mhango, amuna awo a NyaGondwe aneba athu, aja amapalasa sakaramento, njinga yonyamula anthu, ndi amene anabweretsa a Lenadi pa njingayo. A Lenadiwo anali atavala jekete lakuda la michira lija, nkhope atapaka ufa, nsidze atalemba ndi khala. Akuti ankafunsa aliyense njira ya kubwalo la masewero, akuti achedwa. A Mhango anawapeza pakati pa msewu waukulu, lole ya matabwa a ku Chikangawa itaima mphuno ndi mphuno ndi iwo, matayala akununkha. Oyendetsa akuliza hutala, iwo akuwerama kuthokoza. Powakoka anagwera mu ngalande, anatemeka pamphumi.

Titabwera kowasoka, NyaGondwe anandiitanira kumpanda. Inu mukuwadziwa, sazungulira. Anati, “Iwe mwana, ndikufunse. Ukusunga munthu kapena ukusunga mawu? Amama ako analonjeza maliro, enya. Koma sanati lole iwafulumizitse yayi.” Ndinati ndizikhoma geti. Anati, “Ndipo ukapita kuchimbudzi uziwabereka kumsana? Ndiwe wekha, wawonda chomene, wekha sukudziona.” Ndinangobwerera m'nyumba. Paja munkati pakamwa pa Elube pamafuna makiyi.

Lamulungu ndinawaveka monga mwa nthawi zonse. Ndinawaveka ndi chipewa kuti chibise bandeji. Ndikulemba zoona, Amayi, ndinali ndisanaganize chilichonse. Foni inalira, nkhope ya a Suzeni inatuluka, a Lenadi anatambasula manja n'kupereka moni wa chisangalalo. Kenako anafika pa dzina la a Suzeni. Anandiyang'ana. Dzinalo linali pamilomo panga. Koma m'maso mwanga munabwera jekete lija lili ndi matope, ndi ufa wosakanikirana ndi magazi. Ndinayang'ana pansi. Anandiyang'ananso, anakhosomola pang'ono kuti ndimve. Ndinangoti duu. Pamapeto pake anatembenukira ku foni n'kufunsa mwaulemu m'Chingerezi kuti, pepani mayi, kodi tinakumana kuti?

A Suzeni anagwira pakamwa. Ataitana dzina langa ndinazungulira n'kuima poonekera, ndinawavula a Lenadi chipewa. Chingerezi changa cha Sitandade 7 chinakwanira. Nkhani zoipa sizifuna mawu ambiri.

Foni itatsekedwa a Lenadi anaika chipewa pamaondo. Kenako anati, “Wandisiya ndekha pabwalo, Nachisale. Sunachitepo zimenezi.” Pofika nthawi ya tiyi anali ataiwala, akupempha bisiketi ina. Ine mpaka lero ndikamachapa ndimangowamva mawu amenewo. Chimene chimandipweteka n'chakuti anakwiyira inu, pamene inu simunawasiyepo.

A Suzeni musawaganizire zoipa. Ndi munthu wabwino, wotopa, nayenso tsitsi layamba kuyera. Anabwera okha, anagona pa mphasa m'chipinda cha amalume awo. Ndinawauza za lonjezo lanu. Analira, anafunsa ngati kuno kuli nyumba yosamalira okalamba odwala chonchi, ya anamwino osinthana. Ine sindinkadziwa ina iliyonse. Ndinafunsa kumpingo, ndinafunsa a Mhango amene amazungulira tauni yonse. Aliyense ankati okalamba timasunga pakhomo. Koma pakhomopo panali ine ndekha.

Tsiku lonyamuka a Lenadi ankaganiza kuti awaitana kukachita sewero. Anadzuka okondwa, analongedza okha nsapato zovinira. Palibe amene anawatsutsa. Aneba anasonkhana pageti, ena ndi madengu pamutu. Atafika pa chitseko cha galimoto anatembenuka, anaika dzanja pamtima n'kuwerama mpaka pansi, nkhalamba yoti kutola supuni inkalephera. NyaGondwe analuluta, tonse tinaomba m'manja. Kenako anandikodola n'kundinong'oneza kuti, “Ndibwera sewero likatha. Malo anga aja a kumanda usapatse wina. Ndipo amayi ako a kwaya aziphunzira, sindikufuna nyimbo zozizira.” Ndinati wawa. Galimoto itakhota ndinalowa kubafa kuti anthu asandione.

Panopa ali m'nyumba ya okalamba pafupi ndi kwa a Suzeni. Ndinawaona pa foni, anenepa pang'ono, bala linapola. Akuti akadya chamasana amaimirira n'kuyimbira anzawo, ena amaomba m'manja, ena amagona. Zitseko zake zimatseguka ndi manambala, ndiye sangatuluke. Pawindo lawo pamaoneka magalimoto oimikidwa basi. Anandifunsa ngati mvula yayamba kuno, anafunsanso kuti galimoto yodzawatenga ibwera liti.

Sindikudziwa ngati ndinachita bwino, Amayi. Masiku ena ndimati ali moyo chifukwa ndinakhala chete. Masiku ena ndimati mwina ndikanapirira pang'ono, ndikanapempha alamu kuti tizisinthana, mwina akanagona kuno monga ankafunira. Inu mukanapeza njira, munkapeza nthawi zonse. Ine ndinayang'ana mbali zonse, sindinaione.

Thupi lawo silidzabwera, a Suzeni anandiuza mosabisa. Koma ndinachita chinthu chimene simungakhulupirire. Ndinapita ndekha pa msonkhano wa amayi a kumpingo, ndinaimirira pamaso pa onse n'kupempha. Mayi wina anati maliro opanda mtembo ndi achilendo. NyaGondwe anati, “Mwini wake nayenso anali wachilendo, tiyeni nazo.” Anavomera. Achimwene apereka bwalo lawo, a Mhango akuti adzazungulira ndi njinga kuuza onse amene a Lenadi anawaphunzitsa zisudzo.

Choncho theka la mawu anu ndalitaya, mundikhululukire. Theka linalo ndaligwira. Tsiku limene foni idzalire ndi uthenga umenewo tidzayala mphasa, tidzadzaza bwalo mpaka mumsewu. Nyimbo yoyamba ndidzayambitsa ndine, ngakhale mawu anjenjemere. Ndikulonjeza.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ine mwana wanu,
Elube