Mvuu Si Mkwatibwi

Matema, Tete
21 Julyu 2024

Achimwene a Sebastião,

Landirani moni. Ana ali bwino, koma za alamu anu a Moisés werengani pansipa.

Pa 9 mwezi uno anakutumizirani zithunzi khumi ndi ziwiri za mvuu za mu Zambezi, zimene anajambula dzuwa likulowa kuti akagulitse kuhotela. Munayankha kuti mvuuzo zada ngati miyala, asamayang'anane ndi dzuwa, lizikhala cham'mbali. Apo munanena zoona, mvuu zinayamba kuoneka ndi maso omwe. Koma munawonjeza kuti, "Yandikirani alamu, nyama idzaze chithunzi chonse."

Achimwene, inu mumajambula maukwati ku Beira. Mkwatibwi ukamuyandikira amamwetulira. Mvuu ya mwana simwetulira.

Lachinayi pa 18, cha m'ma 17 ora madzulo, a Moisés analowa m'madzi mpaka m'chiuno chifukwa cha mawu anuwo. Anawavuula ndi asodzi awiri, makina ojambulira akadali m'manja. Za mwendo wawo wamanzere sindilemba, adokotala akuti tidikire Lachitatu.

Chithunzicho chatuluka bwino, kukamwa kwa mvuu kwadzaza ponse monga munafunira. Ali gone m'chipatala akufunsa ngati mwachikonda. Musawayankhe pa foni. Bwerani mudzawayankhe ine ndilipo.

Ndine mlongo wanu,
Balbina