Yoyera ndi Yofiira, Galimoto Zija Munatituma

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Malomo tonse tilipo, kungoti mwendo wa amayi ukuvutabe, n'chifukwa chake nkhani ya galimoto yowatengera kuchipatala sitikuigonera.

Dzulo ine ndi alamu anu tinakaona galimoto ziwiri zija. Zonse ndi za petulo, zakale ndithu. Yoyerayo ikuwala ngati yatsopano, koma tinapeza mwini wake ataliza kale injini, ndipo pansi pake atathirapo mchenga. Nditapempha kuti tikwere nayo chitunda, anati, "Mayi, petulo wachepa." Alamu anu atapalasa mchengawo ndi phazi, panatuluka oilo wakuda bii.

Yofiira ndi ya aphunzitsi ena opuma pantchito ochokera ku Mvera. Penti inasuluka, chitseko chimodzi chimavuta, ndipo anatiuza okha kuti imamwa mafuta. Koma inalira kamodzi injini ili yozizira, n'kukwera chitunda tili anthu anayi.

Mnzanu amene akukukakamizani kugula yoyerayo mumufunse bwino, chifukwa ndamva kuti mwini galimotoyo ndi mlamu wake. Chonde musavomere kanthu pafoni makaniko wathu asanaione.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati