Galimoto ya Tinyanga Inandipitiriza pa Maliro

Wokondedwa mdzukulu wanga Lusiya,

Uli bwanji ku Joniko? Ine ndilipo. Mawondo ndi omwe aja, koma chanditsekera m'nyumba ndi manyazi.

Lachiwiri ndinkapita ku maliro a alamu anga a Nabanda, kufupi ndi Ludzi. Pa Kamwendo ndinapeza galimoto ziwiri za tinyanga padenga, ndipo anyamata ake anandikweza nditawapempha. Akuti ndi a ku yunivesite, akuyeza mmene mawu a wayilesi amadumphira kuchoka m'galimoto ina kupita m'inzake zikuthamanga.

Titafika pa masamba a maliro oyala pamsewu aja ndinati, "Imani apa." Mnyamata wina amene anali ndi kompyuta anati, "Agogo, tikaima zonse tayezazi ziwonongeka, tikutsitsani pobwerera." Woyendetsa anaponda masambawo osachepetsa ndi liwiro lomwe! Pobwerera sanaimenso, akuti mitengo ya mango inatchinga mawu, abwerezenso. Ndinati, "Nanga mawu angawa watchinga ndani, pamene ndikukuwira m'khutu mwakomu?"

Katatu, Lusiya, ndikudutsa pasiwa nkhope ili pawindo, mudzi wonse ukundiona. Pomwe ankanditsitsa, anthu anali akusamba m'manja kuchokera kumanda.

Tsopano akuti ndinapita kukaonetsa galimoto. Kuchigayo sindipita, kutchalitchi sindipita. Chonde, iwe wa sukulu, uwaimbire ana a malemu uwafotokozere, poti ine ndikatchula za tinyanga amati mutu wayamba kuzungulira.

Mulungu akusunge. Ine pakhomo pano sindituluka mpaka utaimba.

Ndine agogo ako,
Nachisale